Madontho a Okosijeni: Mafunso Amene Anthu Athu a ku Harare Amandifunsa

Timabotolo ta madontho a okosijeni tafika ponseponse pakati pathu. Mumatiwona m'zikwama za amayi pa mapemphero a Lachinayi, m'magulu a WhatsApp a mabungwe athu a maliro, ngakhale m'katundu wa anthu okwera basi yopita kumudzi kudzera pa Nyamapanda. Ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo chifukwa abale a ku Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku amadziwa zimenezi, amandikokera pambali tikatuluka m'tchalitchi, kabotolo kali m'manja, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Anamwino, kodi izi n'zoona?" Safunsa anadya phula, choncho ndimakondwa akafunsa. Ndalemba pano mafunso amene amabwera kawirikawiri, ndi mmene ndimayankhira.

Kodi m'kabotolomo muli chiyani kwenikweni?

Choyamba, mulibe okosijeni wamadzi. Okosijeni ndi mpweya, ndipo kuti asanduke madzi amafunika kuzizira mpaka madigiri 183 pansi pa ziro. Amene munapitako ku zipatala zazikulu mwina munawona thanki yoyera, yaitali, yotchingidwa ndi mpanda, mapaipi ake atachita chipale chofewa ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mmenemo ndiye mumakhala okosijeni wamadzi weniweni. Dontho lake litagwera palilime, lilimelo likhoza kupsa ndi kuzizira. Sangakhale m'kabotolo ka pulasitiki m'thumba la munthu m'kombi.

Zimene zili m'timabotoloti zimasiyanasiyana, ndipo apa m'pamene pali nkhani. Tambiri timakhala ndi madzi, mchere ndi timichere tina tochepa. Tina timakhala ndi mankhwala otchedwa sodium chlorite, omwe m'mafakitale amayeretsera mapepala ndi nsalu. Tina ndi hydrogen peroxide, uja wochita thovu pachilonda. Onsewa amagulitsidwa ndi mawu ofanana, monga "liquid oxygen" kapena "stabilized oxygen". Tembenuzani botolo muwerenge timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Ngati maso akukanika, mupatseni mdzukulu akuwerengereni. Ngati palibe chilichonse cholembedwa chonena zimene zili mkati, musamwe.

Koma thupi limafuna okosijeni. Cholakwika n'chiyani kuwonjezerako pang'ono?

N'zoona, popanda okosijeni munthu satha mphindi zochuluka. Koma tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa manambala ake ndi amene amamasula nkhani yonseyi.

Mpweya umene tikupumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni. Munthu wamkulu atangokhala pampando osachita kanthu amagwiritsa ntchito okosijeni wokwana pafupifupi mamililita 250 pa mphindi imodzi, omwe kulemera kwake ndi mamiligalamu oposa 300. Tsopano madzi: lita imodzi ya madzi wamba imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 7 kapena 8 basi. Madzi salola kusunga wambiri, ndi chibadwa chake. Ndiye kuti okosijeni amene thupi lanu latha pa mphindi imodzi yokha mukuwerenga ndime ino ndi wofanana ndi amene ali m'zigubu ziwiri za malita 20, zija timakokera pa wilibala kuchokera ku mjigo. Zigubu ziwiri pa mphindi iliyonse, usana ndi usiku.

Madontho 20 amakwana pafupifupi mililita imodzi. Tiyerekeze kuti wopangayo wanena zoona, kuti madontho ake ali ndi okosijeni wochuluka kuwirikiza ka 1,000 kuposa madzi wamba. Ngakhale zitatero, madontho 20 aja angakusungeni sekondi imodzi kapena awiri. Kupuma kamodzi kokha, kumene simulipira kalikonse, kumalowetsa okosijeni woposa pamenepo.

Palinso china. Okosijeni m'thupi amanyamulidwa ndi chinthu chotchedwa hemoglobin, chimene chili m'maselo ofiira a magazi. Mwa munthu wathanzi, magazi akamachoka m'mapapo amakhala atadzaza kale, magawo 95 kufika 100 pa 100. Zili ngati kombi yochoka pa Copacabana madzulo anthu akuweruka: mipando yonse yatha. Ngakhale mutabweretsa okosijeni wina, alibe pokhala.

Nanga m'mimba simungadutse okosijeni n'kulowa m'magazi? Nsomba zimapuma bwanji m'madzi?

Nsomba ili ndi makha, ndipo imapititsa madzi ochuluka pa makhawo tsiku lonse osalekeza. Komanso magazi ake ndi ozizira, safuna okosijeni wambiri ngati athu. Ife tinapatsidwa mapapo, amene ali ndi timatumba ta mpweya mamiliyoni mazanamazana, ta khungu lopyapyala kwambiri, tozunguliridwa ndi timitsempha ta magazi. Mimba ndi matumbo zinapangidwira chakudya ndi madzi. Mpweya ukalowa m'mimba, wambiri umabwerera pogeya, monga mmene zimakhalira mukamwa Fanta.

Kodi akatswiri anayesapo zimenezi, kapena ndi maganizo anu chabe?

Anayesa. M'dziko la America munali madontho otchuka otchedwa "Vitamin O", opangidwa ndi kampani ya Rose Creek Health Products. Ankalengeza m'manyuzipepala kuti amathandiza pa khansa, matenda a mtima ndi a mapapo. Mu 1999 bungwe la boma loteteza ogula, Federal Trade Commission, linawatengera kukhoti, likunena kuti madonthowo ndi madzi amchere chabe. Mu 2000 kampaniyo inavomera kulipira madola 375,000 obwezera ogula, ndipo inaletsedwa kunenanso zoti madonthowo amachiza matenda popanda umboni. Ndiwonjezere kuti vitamini wotchedwa O kulibe. Dzinalo linangopekedwa kuti malonda ayende.

Mu 2003 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wa madzi a m'mabotolo amene amati awonjezeredwa okosijeni. Ofufuzawo anapeza kuti kupuma kamodzi kumabweretsa okosijeni woposa amene ali m'botolo lonse, ndipo anthu amene anamwa madziwo sanapose anzawo pochita masewera olimbitsa thupi.

Ine ndinamwa ndipo ndinapeza bwino. Mukuti ndikunama?

Ayi, sindikutero, ndipo sindinganene zimenezo kwa munthu amene akufotokoza za thupi lake. Mumapezadi bwino. Funso ndi lakuti chakupezetsani bwino n'chiyani.

Malangizo a madonthowa amati muthire m'kapu ya madzi katatu patsiku. Ambiri a ife sitimwa madzi okwanira, makamaka pamene m'mipopi mwauma ndipo madzi tikuchita kugula. Munthu amene wayamba kumwa makapu atatu owonjezera tsiku lililonse mutu umasiya kumupweteka, m'mimba mumayenda bwino, kutopa kumachepa. Ntchito imeneyo agwira ndi madzi. Chachiwiri, matenda ambiri monga chimfine ndi kuphwanya kwa thupi amatha okha pakapita masiku, ndipo ife timathokoza chimene tinamwa pomaliza. Chachitatu, chiyembekezo chili ndi mphamvu. Munthu akakhulupirira kuti wapeza thandizo, nkhawa imatsika, tulo timabwera, ululu umamveka wochepa. Madokotala amazidziwa bwino zimenezi. Koma chiyembekezo sichipha tizilombo ta chifuwa chachikulu, ndipo sichikonza mtima umene wafooka.

Ngati ena ndi madzi amchere chabe, vuto lili pati? Si ndalama zanga?

Ndalama ndi zanu ndithu. Chimene chimandipweteka ine ndi nthawi imene imatayika.

Amalume anga anagwira ntchito m'migodi ali mnyamata, ndipo ukalamba unawapeza ku Dzivarasekwa. Befu anawayamba pang'onopang'ono. Poyamba ankaima kamodzi popita kugolosale, kenako kawiri. Wina anawauza kuti vuto ndi kuchepa kwa okosijeni, n'kuwagulitsa kabotolo pa madola 15. Tsiku limene ndinapita kukawaona ndinakapeza kali pawindo, pakati pa Baibulo ndi wailesi. Anatenga kapu yawo yachitsulo, yobenthuka m'mphepete, n'kuyamba kudontheza, milomo ikuyenda powerenga: khumi ndi chimodzi, khumi ndi ziwiri. Dzanja linkanjenjemera, koma sanaphonye dontho ngakhale limodzi. Ine maso anga anali pansi. Anali atavala mapatapata m'nyengo yozizira chifukwa nsapato sizinkalowanso. Nditadina chala pamsongolo, panatsala kadzenje kosabwerera. Pabedi panali mapilo atatu osanjikiza.

Ndinati, "Amalume, mumagona chokhala?"

Iwo anati, "Ndikagona chagada ndimamira, mwana wanga. Koma usadandaule, botolo lachitatu ili. Akuti lachinayi ndiye limamaliza."

Mtima wawo unali utafooka, ndipo madzi anali atadzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi otulutsa madzi ndi ena othandiza mtima, ndipo pasanathe masabata awiri anagona ndi pilo mmodzi. Koma miyezi inayi inali itapita, mtima ukugwira ntchito molemedwa popanda thandizo, ndipo mphamvu zina sizinabwererenso. Madontho aja sanawapatse poizoni. Anangowapatsa chifukwa chodikirira.

Befu ali ndi eni ake: mtima, mphumu, chibayo, chifuwa chachikulu, kuchepa kwa magazi, ndiponso fumbi la m'migodi limene linaumitsa mapapo a azibambo athu ambiri. Aliyense mwa matendawa ali ndi mankhwala ake, ndipo chifuwa chachikulu chimayezedwa ndi kuchizidwa kwaulere m'makiliniki a boma ndi a khonsolo.

Mwatchula sodium chlorite. Kuopsa kwake n'kotani?

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsere, chifukwa awa si madzi amchere. Sodium chlorite akasakanizidwa ndi asidi, monga madzi a mandimu kapena asidi wa m'mimba mwathu, amatulutsa chlorine dioxide, mankhwala oyeretsera zinthu a m'gulu limodzi ndi Jik. Amagulitsidwa ndi mayina monga MMS, Miracle Mineral Solution, kapena CDS, ndipo ena amangowalemba kuti okosijeni. Mukamva kuti pali timabotolo tiwiri toti musakanize, kapena kuti muthire mandimu n'kudikira mpaka madzi achite chikasu ndi kununkha ngati madzi a m'dziwe losambiramo, dziwani kuti ndi amenewa.

Bungwe la boma la America loyang'anira zakudya ndi mankhwala, FDA, linachenjeza za iwo mu 2010, n'kubwerezanso mu 2019, litalandira malipoti a anthu osanza kwambiri, otsegula m'mimba mpaka magazi kutsika mphamvu, ndi ena amene chiwindi chinasiya kugwira ntchito. Mu 2019 momwemo kunamveka kuti mankhwalawa ankagawidwa kwa anthu ambiri ku Uganda kudzera mwa abusa, ngakhale kwa makanda. Mu 2023 khoti la ku Miami linagamula kuti Mark Grenon ndi ana ake atatu, amene ankagulitsa MMS pobisala m'dzina la tchalitchi cha Genesis II, apite kundende.

Chowawa kwambiri n'chakuti mankhwalawa amachita zosemphana ndi zimene amalonjeza. Amawononga hemoglobin mpaka kulephera kunyamula okosijeni. Munthu amachita milomo yotuwa mobiriwira, magazi ake amaoneka ngati chokoleti, ndipo amabanika ngakhale mapapo ali bwinobwino. Amaswanso maselo ofiira ndi kuvulaza impso. Kwa ife pali chiopsezo china chapadera. Anthu ambiri ochokera m'madera a malungo, monga kwathu ku Malawi, Mozambique ndi kum'mawa kwa Zambia, amabadwa ndi maselo ofiira osowa chitetezo chotchedwa G6PD, makamaka amuna. Ambiri sadziwa, chifukwa amakhala bwinobwino moyo wonse mpaka atakumana ndi mankhwala a mtundu umenewu. Pamenepo maselo amasweka ambiri nthawi imodzi, maso amachita chikasu, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka.

Wogulitsa anati kusanza ndi kutsegula m'mimba ndi chizindikiro chakuti zoipa zikutuluka. Si zoona?

Si zoona. Ndi thupi likukana poizoni. Siyani kumwa nthawi yomweyo. Ife a mu Harare tinaona ndi maso athu pa miliri ya kolera ya mu 2008 ndi mu 2018 mmene kutsegula m'mimba kumathera munthu madzi pa maola ochepa. Palibe kutsegula m'mimba kumene kuli kwabwino kwa nkhalamba kapena mwana.

Nanga hydrogen peroxide? Akuti wina ndi "food grade", ndiye kuti ndi wodyedwa?

Dzinalo limasocheretsa. Amatchedwa choncho chifukwa m'mafakitale a zakudya amatsukira zipangizo ndi mapaketi, osati chifukwa choti anthu azimwa. Wa ku famase wotsukira zilonda amakhala wa mphamvu ya magawo 3 kapena 6 pa 100. Wa "food grade" ndi wa magawo 35. Amawotcha pakamwa, pakhosi ndi m'mimba. Ndipo iyeyu amatulutsadi okosijeni, koma m'njira yakupha: mililita imodzi imatulutsa mpweya wokwana pafupifupi mamililita 100 mwadzidzidzi. Thovu la mpweyawo likhoza kulowa m'mitsempha n'kukatseka njira ya magazi opita ku ubongo kapena ku mtima. Anthu afapo, ena anafa ziwalo. Amaoneka ngati madzi akumwa ndipo ena amamusunga m'firiji, choncho mwana waludzu sangasiyanitse.

Ndinamva kuti khansa singakhale pamene pali okosijeni, ndipo amene anatulukira zimenezi analandira mphoto ya Nobel.

Munthuyo ndi Otto Warburg wa ku Germany, ndipo analandiradi mphotoyo mu 1931. Koma anailandira chifukwa cha kafukufuku wa mmene maselo amapumira, osati chifukwa chopeza mankhwala a khansa. Chimene iye anaona n'chakuti maselo a khansa amadya shuga wambiri m'njira yawoyawo ngakhale okosijeni alipo. Ogulitsa anatembenuza mawu amenewa kukhala akuti okosijeni amapha khansa. Chikanakhala choncho, khansa ya m'mapapo sikanakhalako, poti m'mapapo ndi mmene muli okosijeni wambiri kuposa paliponse m'thupi. Chotupa cha khansa chimamera mitsempha yakeyake ya magazi kuti chizilandira okosijeni ndi chakudya.

Ndikudziwa chifukwa chake funsoli limabwera. Chithandizo cha khansa n'chodula, mizere ndi yaitali, ndipo banja likaona mayi awo akuwonda limagwira chilichonse chimene chayandama. Sindingaweruze munthu wotero. Pempho langa n'lakuti madontho asalowe m'malo mwa tsiku lanu lopita kuchipatala cha Parirenyatwa, ndipo ngati mukumwa chilichonse chapadera, muwauze madokotala. Kwa amayi, kuyezetsa khomo la chiberekero kumachitika m'makiliniki ambiri, ndipo khansa imeneyo ikapezeka msanga imachizika.

Ndimamwa ma ARV, mwamuna wanga amamwa mankhwala a BP ndi shuga. Tingaphatikize ndi madonthowa?

Sindingakulimbikitseni. Ngati ali a sodium chlorite kapena peroxide, yankho ndi ayi, popanda kukambirana. Kusanza kumatulutsa mapiritsi anu asanagwire ntchito, ndipo impso za munthu wa shuga, wa BP, kapena amene ali pa ma ARV ena zimafuna kusamalidwa kale. Ngati ali a madzi amchere, palibe chimene akuwonjezerani. Chimene ndimaopa kwambiri ndi mawu aja akuti, "Mukamwa izi kwa miyezi itatu mudzasiya mapiritsi." Musasiye. Kachilombo kamabwerera mankhwala akalekedwa, ndipo kakhoza kubwerera kosamvanso mankhwala amene munkamwa.

Harare ndi wokwera. Kodi si chifukwa chake timafunika okosijeni wowonjezera?

Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene gombe la nyanja ya Malawi, ku Salima kapena Nkhotakota, silifika mamita 500. Mlendo wochokera kunyanja kapena ku Nsanje akhoza kumva kupuma mofulumira masiku oyamba akamakwera masitepe. Thupi limazolowera lokha, ndipo pakapita masabata limapanga maselo ofiira owonjezera. Johannesburg ndi wokwera kuposa kuno, ndipo abale athu akugwira ntchito zolemetsa kumeneko popanda madontho.

Ndimangokhala wotopa nthawi zonse. Ngati si madontho, ndichite chiyani?

Funso ili ndi limene ndimafuna anthu akanayambira. Kutopa kosatha n'chizindikiro, ndipo nthawi zambiri gwero lake limapezeka ndi kuyeza kosavuta. Kwa amayi, choyamba kuganizira ndi kuchepa kwa magazi, makamaka amene amataya magazi ambiri kumwezi, oyembekezera ndi oyamwitsa. Apa ogulitsa amakhala pafupi ndi choonadi: thupi likusowadi okosijeni. Koma vuto si kuchepa kwa mpweya, ndi kuchepa kwa onyamula. Pamafunika ayironi kuti thupi lipange hemoglobin. Dontho limodzi la magazi a pachala limasonyeza mulingo wake, ndipo mapiritsi a ayironi ndi otsika mtengo kuposa kabotolo kalikonse ka okosijeni.

Pa chakudya, zimene agogo athu ankadya n'zimene zimathandiza: chiwindi, nyama, matemba ndi kapenta, nyemba, khobwe, bonongwe, mnkhwani, chisoso. Gwafa, lalanje kapena tomato pambali pake zimathandiza thupi kuyamwa ayironi. Tiyi amatchinga, choncho ndi bwino kumumwa patapita ola mutadya, osati kutsitsira nsima. Ngati magazi ali bwino, kayezetseni shuga, BP, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo ngati mwangobwera kuchokera kumudzi kapena kudera lotentha, malungo. Nkhawa ndi kusowa tulo nazonso zimatopetsa zedi. Munthu amene amadzuka 3 koloko m'mawa kukaima pamzere wa madzi, n'kukagulitsa pa Mbare tsiku lonse, kutopa kwake kuli ndi chifukwa chodziwika.

Tinagula kamakina kopanira chala nthawi ya COVID-19. Kangatithandize?

Eya, kasungeni. Kamasonyeza mmene magazi adzazira okosijeni. Kwa munthu wathanzi kamawerenga 95 kapena kuposa. Kakamakhala pa 92 kapena kutsika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo pansi pa 90 musadikire n'komwe. Mungathenso kudziyesera nokha: yezani musanamwe madontho, yezaninso mutamwa. Madonthowo sakweza nambalayo.

Kamakinaka kali ndi malire ake. Chala chozizira ndi utoto wa m'zikhadabo zimakasokoneza, ndipo pa khungu lakuda nthawi zina kamawerenga mokwera pang'ono kuposa zenizeni, choncho munthu akamabanika musakhulupirire nambala kuposa maso anu. Sikaona kuchepa kwa magazi. Sikaonanso mpweya woipa wa mbaula. Ndikutchula mbaula dala, chifukwa mu Juni ndi Julayi, magetsi akazima, anthu amalowetsa makala m'chipinda n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umalanda malo a okosijeni m'magazi, ndipo mabanja athunthu apezekapo atafa m'tulo. Amene amasamala za okosijeni wa banja lake ayambe n'kutulutsa mbaula panja asanagone.

Nthawi ya COVID-19 ija, mu Januwale ndi Julayi 2021, tinaphunzira mowawa kuti okosijeni wochiza ndi wotani. Ndi wa m'silinda kapena wa m'makina, wolowa kudzera m'mphuno, malita angapo pa mphindi iliyonse, maola onse. Chaka chomwecho boma linatsegula fakitale yopanga okosijeni wa m'zipatala ku Feruka, ku Mutare. Kukanakhala kuti madontho amagwira ntchito imeneyo, palibe akanavutika kusakasaka masilinda usiku.

Ena akuti madonthowa amayeretsa madzi akumwa. Pamenepa bwanji?

Chlorine dioxide amaphadi tizilombo m'madzi, ndipo mizinda ina imamugwiritsa ntchito, koma pa mulingo wochepetsetsa woyezedwa ndi makina. Kuyeretsa madzi m'chidebe n'kosiyana ndi kumwa mankhwalawo kuti ayeretse magazi. Poti simudziwa mphamvu ya zimene zili m'kabotolo kanu, gwiritsani ntchito zodziwika: kuwiritsa, WaterGuard kapena Aquatabs, motsatira mulingo wolembedwa.

Pabotolo palembedwa kuti ndi ovomerezeka ndi FDA. Si umboni umenewo?

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Malinga ndi lamulo la ku America la 1994, zinthu zogulitsidwa ngati zowonjezera pa chakudya sizidutsa m'manja mwa FDA kuti zivomerezedwe zisanagulitsidwe. Mawu akuti "FDA registered facility" amangotanthauza kuti fakitaleyo inalembetsa dzina lake. Mukayang'anitsitsa mabotolo ochokera kumeneko, pansi pamakhala chiganizo chonena kuti chinthucho sichinapangidwire kuchiza kapena kupewa matenda alionse. Zimene botolo likukana polemba, wogulitsa amazilonjeza pakamwa.

Kuno ku Zimbabwe, woyang'anira mankhwala ndi Medicines Control Authority of Zimbabwe, MCAZ, ndipo kuyambira mu 2015 pali malamulo ofuna kuti mankhwala azitsamba ndi owonjezera nawonso azivomerezedwa asanagulitsidwe. Funsani wa ku famase yovomerezeka ngati chinthucho chili m'kaundula wa MCAZ. Ku Malawi ntchito imeneyi imagwiridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Mwana wamwa m'kabotolo mwangozi, kapena munthu wadwala atamwa. Tichite chiyani?

Musamusanzitse, chifukwa mankhwala owotcha amawotchanso pobwerera. Musamupatse mafuta ophikira, makala osinja kapena mankhwala azitsamba. Mutsukeni mkamwa, ndipo ngati ali maso ndipo akumeza bwino, amwe madzi pang'ono. Kenako thamangirani kuchipatala, botolo lili m'manja, kuti madokotala awerenge zimene zalembedwa. Kubanika, kupweteka pachifuwa kapena m'mimba, kusanza magazi kapena thovu, milomo yotuwa, kusokonezeka mutu ndi mkodzo wakuda ndi zizindikiro zoti musayembekeze kuti kuche. Musachite manyazi kunena zimene wamwa. Anamwino akadziwa msanga, amadziwanso msanga chochita.

Amene amandigulitsa ndi mayi a mumpingo mwathu. Ndiwakane bwanji osawakhumudwitsa? Ndipo amayi anga kumudzi atumiza uthenga kuti ndiwagulireko.

Ambiri ogulitsawa si akuba. Iwonso anauzidwa, anakhulupirira, ndipo ena analipira ndalama zolowera m'gulu la malonda limene phindu lenileni limapita kwa amene ali pamwamba. Ali ndi makatoni m'nyumba ndi sukulu fizi yofuna kulipira. Musawachititse manyazi pagulu la WhatsApp. Apezeni paokha, muwauze mwaulemu kuti, "Amayi, ine ndasiya kumwa, ndipo ndikufuna tiwerengere limodzi zimene zalembedwa kumbuyoku." Mukapezamo sodium chlorite, chlorine dioxide kapena hydrogen peroxide, auzeni mosabisa kuti angavulaze munthu, ndipo mlandu ungagwere iwo amene anapereka ndi dzanja lawo.

Za amayi anu kumudzi, imbani foni muwafunse chimene chikuwavuta. Munthu safuna madontho a okosijeni popanda chifukwa. Afunseni ngati amabanika pokwera chitunda pochokera kudimba, ngati miyendo ikutupa, ngati akutsokomola, ngati amatuluka thukuta usiku, ngati chitenje chayamba kukhwepa m'chiuno. Ndalama imene mukanagulira botolo itumizeni ikhale ya thiransipoti yopita kuchipatala cha boma kapena cha mishoni, ndipo mupemphe mchemwali kapena mlamu wanu awaperekeze, atenge kabuku kawo ka kuchipatala, akuimbireni akatuluka kwa dokotala kuti mumve zimene zalembedwamo.